Munda wa Tiyi ndi Koleji ya Kumpoto

"Mwanayu mukamutumiza kumpoto, dziwani kuti mwatumiza ndi munda womwe."

Anganga Ester ananena zimenezi ali pakhomo la khitchini, akusenda chinangwa, maso ali pampeni. Mwana wawo wamkazi wamkulu, Fainess, anali atagwada pabwalo akuunjika nandolo wouma milu itatu m'lichero. Mwamuna wake, Crispin, anali pachitsa cha bulugama atapereka msana kwa apongozi akewo, monga amachitira mkamwini waulemu. Victoria, mwini nkhani, anaima motsamira chipupa, foni ili m'manja.

Mtsikanayu anali atakhoza bwino Folomu 4 kusekondale ya kwa Changata, koma dzina lake silinatuluke kuyunivesite ya boma. Makoleji atatu anali atamuvomera, ndipo makolo ake ankafuna kuona kuti msana wawo ungasenze iti.

"Njere iliyonse ndi dengu limodzi la tiyi," anatero Fainess. "Tayambira ya ku Blantyre ija, Viki."

Victoria anawerenga pafoni, mayi ake n'kutapa nandolo dzanja lonse, akuwerengera mokweza.

"Ya maakaunti imeneyo. Fizi yokha ndi iyi. Kogona alibe, ndiye kuti lendi ku Bangwe, makala, ndiwo, minibasi m'mawa ndi madzulo."

Muluwo unakula mpaka njere zina zinagwera pansi, nkhuku n'kuthamangira.

"Taonani, amake Viki, ndi nkhuku zomwe zayamba kale kudya fizi," anatero Crispin.

Mulu wachiwiri unali wa koleji ya ku Lilongwe. Unali wocheperako, koma kumeneko analibe m'bale ngakhale wongomwerako madzi, ndipo Crispin anali ataonapo anyamata awiri omaliza komweko ali pageti la fakitale ya esiteti, satifiketi m'manja, akupempha ulonda. Mulu wachitatu unali koti n'kukwana m'chikhatho cha mwana. Imeneyo inali koleji ya uphunzitsi ya amishoni, kupitirira Mzuzu, cha ku Rumphi. Kogona ndi chakudya zinali m'fizi momwemo, ndipo amishoniwo ankadzilembera okha ntchito ana okhoza bwino.

"Apa palinso chofunsa?" anatero Fainess akupukuta manja. "Yotchipa ndi imeneyi, ntchito ilinso komweku."

Anganga anaika mpeni pansi. Anadzuka pang'onopang'ono, anatola mwala pabwalo, n'kukausanjika pamwamba pa kamulu kaja.

"Ichi simunawerenge."

"Mwalawo ndi chiyani, amayi?"

"Njira. Ndi anthu amene ali kumapeto kwa njirayo. Ine kusukulu sindinapondeko, koma ndili ndi makutu. Kumeneko mkazi ndiye amatsatira mwamuna. Amapereka ng'ombe, ana n'kukhala awo. Kuno tambala ndiye amabwera kukhola la thadzi."

"Tambala wake ndine," Crispin anauza chitsa chimene anakhalira.

"Iwe Fainess, wabereka wamkazi mmodzi yekha. Anyamata ako awiri aja ali kale kwa eni, akulima minda ya akazi awo. Tiyi uyu anabzala ndi mayi anga, ine ndinakusiyira iwe, iwe udzasiyira ndani?"

"Anganga, inetu ndikupita kukaphunzira, osati kukakwatiwa," anatero Victoria akuseka.

"Ndi mtsikana uti anatsanzikapo kuti akupita kukakwatiwa? Onse amati akupita kukatunga madzi."

Anthu anaseka, Fainess n'kuchotsa mwala uja, kuuponya kutchire.

Kunena zoona, vuto linali lakuti Anganga ankachenjeza pa chilichonse. Usaime pansi pa bulugama mphepo ikamawomba. Usadutse kudamu la esiteti dzuwa lili paliwombo. Usakwere kabaza ya mnyamata wotseka makutu ndi nyimbo. Usagwire foni kukuchita ziphaliwali. Kalongonda wophika munthu amene ali ndi changu usadye. Zonsezi n'zoona, ndipo wanzeru azisunge, koma adzukulu anawapatsa dzina loti a Musatero, ndipo akatsegula pakamwa anthu ankangomva ngati mvula padenga la udzu.

Madzulo ake kunabwera achimwene ake a Fainess, a Elson, amene anali mwinimbumba wa pamudzipo. Ataona milu ija anangogwedeza mutu.

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, amayi. Msiyeni apite."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno," Anganga anayankha. "Wapachala ndi wamphepo."

Victoria ananyamuka mvula itangoyamba, tiyi ataphuka bwino. Anganga anamumangira pansalu mtedza wokazinga ndi machenjezo ena ambirimbiri, za basi ya usiku, za madzi a pamsewu, za kuzizira. Mtsikanayo anawapsompsona pamphumi, n'kukwera minibasi ya ku Limbe.

Chaka chomwecho mng'ono wake wa Fainess, Teleza, anatumiza mwana wake Daisy kukoleji ya ku Blantyre ija. Anagulitsa mbuzi zonse, ndi njinga ya mwamuna wake yomwe. Daisy ankabwera kumudzi kutha kwa mwezi uliwonse ndi chikwama cha zovala zakuda, pobwerera n'kusenza ufa, nandolo ndi mapeyala.

"Koleji yanuyo ikuphunzitsa maakaunti kapena kusesa nkhokwe?" Fainess ankamufunsa mng'ono wake akakumana pasikelo, pomwe alimi amakayezetsa tiyi thirakitala ya esiteti isanabwere.

"Sekani, achemwali. Ine wanga ndikumuona ndi maso."

"Muzimuona kumene. Mwamugula modula."

Tchuthi choyamba Victoria anabwera. Anafika atatupa mapazi, atagona panjira, atasintha mabasi atatu. Fainess atamva ndalama imene ulendowo unadya, kupita ndi kubwera, anagwira pakamwa. Inali pafupi kufanana ndi fizi ya teremu yonse. Tchuthi chachiwiri chitayandikira, mwanayo anaimba foni.

"Amayi, titseka Lachisanu. Munditumizira ya thiransipoti?"

Fainess anali m'munda, dengu kumsana, chiperoni chikumunyowetsa. Unali mwezi wa Juni, tiyi ataima osaphuka, thumba lili gwa.

"Mwana wanga, ndalama yonseyo yongopatsa madalaivala? Kulibe mnzako kumeneko woti n'kukusunga?"

"Alipo Wezi. Akuti kwawo n'kufupi, makolo ake avomera."

"Basi pita komweko. Ukhale waulemu, uzitsuka mbale."

Anganga atamva, anasiya kupeta.

"Wezi ameneyo ali ndi alongo ake?"

"Aa, amayi inunso! Ndingadziwe bwanji?"

"Funsa. Nyumba yopanda mnyamata kulibe."

Fainess sanafunse. Tchuthi chimenecho, ndi chinacho, ndi chinanso, Victoria anakhala kwa Wezi. Ankatumiza zithunzi pafoni ali pakati pa ng'ombe, atavala juzi lalikulu, atanenepa masaya. Moni wake pafoni anayamba kusintha, mawu ena achilendo n'kumalowerera. Mayeso anakhoza pamwamba, ndipo amishoni anamulemba ntchito pasukulu yawo ina ya komweko, monga analonjezera. Malipiro ake oyamba anatumizira mayi ake nsalu ndi nsapato zapulasitiki zotcholera tiyi.

Daisy naye anamaliza. Anayenda m'maofesi a ku Limbe ndi ku Blantyre mpaka nsapato kutha, ntchito osaipeza. Anabwerera kumudzi ndi satifiketi m'fulemu ndi mnyamata wina wowotcherera zitsulo, Benard, amene anamanga kanyumba kuseri kwa apongozi ake n'kukhala mkamwini.

"Nanga tsopano, Teleza, yodula ija yabala chiyani?" Fainess anafunsa pasikelo, anthu akumva. "Maakaunti owerengera nkhuku?"

Teleza anangosenza dengu lake n'kumapita.

Mlongo wake wa Wezi analipo. Dzina lake linali Caleb Gondwe, wogwira ntchito kuchipatala cha amishoni omwewo, munthu wofatsa, wosamwa, wosasuta. Patapita zaka ziwiri Victoria ali pantchito, kunabwera galimoto yaing'ono yoyera, yafumbi mpaka padenga, n'kuima pansi pa mtengo wa mapeyala. Munatuluka Victoria, Caleb, ndi bambo wina wamtali wa jekete lakuda, amene anati ndi thenga, ndiye kuti nkhoswe ya kwawoko.

Anayala mphasa. A Elson anakhala kutsogolo, poti kuno nkhani ya ukwati wa mwana ndi ya atsibweni ake. Crispin anakhala patali, pachitsa chake chija. Thenga uja anapereka moni m'Chichewa chomveka bwino, kenako anayang'ana uku ndi uku.

"Pepani, bambo ake a mwanayu ndi ati?"

"Mwini mbumba ndine," anatero a Elson.

"Zikomo kwambiri, tikukulemekezani. Koma kwathu ng'ombe zimalowa m'khola la bambo womubereka. Ndatumidwa kuti ndiwaone amenewo."

Crispin anatembenuka kuyang'ana kumbuyo kwake, kuganiza kuti akunena wina. Zaka zonse zimene anakhala pamudzipo, akudula nkhuni za fakitale masana, kulima munda wa mkazi wake madzulo, palibe anamufunsapo maganizo pa nkhani ya ana ake. Anadzuka, anakunga lamba, n'kubwera kudzakhala pampando umene mlendo anamusiyira. Tsiku limenelo ngakhale kutsokomola kwake kunasintha.

Thenga anafotokoza kuti ng'ombe zamoyo sizikanatheka kuyenda ulendo wonsewo, ndiye anazibweretsa m'thumba, ndalama yake. Anatchula kuchuluka kwake. A Elson anakanda kumutu.

"Ifetu kuno sitigulitsa mwana. Nkhuku imodzi, kambale ka ufa, nkhani yatha. Mwamunayo ndiye amabwera."

"Ifenso sitigula munthu, bambo," anatero thenga mofatsa. "Ndi kuthokoza, komanso ndi kumanga. Ndinene poyera kuti mawa pasadzakhale mlandu. Ng'ombe zikalowa kwanu, mayiyu ndi wa kwathu, ndipo ana amene adzabadwe ndi a kwa Gondwe."

A Elson anapempha kuti apakhomo akambirane kaye. Analowa m'khitchini iwo, Fainess ndi Anganga, Crispin n'kuima pakhomo.

"Musalandire," anatero Anganga. "Mwamva yekha wanena. Tengani nkhuku basi, kuti pakamwa panu padzakhale potseguka."

"Amayi, amenewo ndi mawu a pamwambo chabe," anatero Fainess. "Ngati mmene ankhoswe amanenera kuti tambala wathu uyu mukamuweta bwino. Mwana angakhale bwanji wosakhala wa mayi ake? Anatuluka m'mimba mwa ndani? Kulikonse padziko mwana ndi wa mayi."

"Dziko lake liti limene unapitako iwe? Kupitirira Limbe unafikako?"

"Ine ndatchola tiyi mvula ikundithira, misundu ikundiluma, kuti mwanayu aphunzire. Lero wina akuti zikomo, ndikane? Denga ili likudontha pamene inu mukugona."

"Mlendo wachokera kutali," Crispin analowererapo, akuyang'ana kudenga kuti asaonane maso ndi apongozi. "Kumubweza n'kupanda ulemu."

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," anatero Anganga.

A Elson anayang'ana mlongo wawo nthawi yaitali.

"Mwana ndi wako, Fainess. Koma udzakumbukire kuti ine ndinati nkhuku."

Analandira. Nyumba inafoleredwa malata, pansi anathira simenti, Crispin anagula jekete lakuda longa la thenga uja n'kumalivala ngakhale kukutentha. Ukwati unachitikira kumpoto. Kuchokera kuno kunapita anthu anayi okha, poti basi inali yodula.

Victoria anabereka mwana wamkazi. Fainess anali atamusungira dzina loti Ester, koma foni itabwera anamva kuti agogo ake aamuna amutcha kale Lusungu. Kenako kunabadwa wina, wamkazinso. Ndalama inkabwera pafoni mwezi ndi mwezi osaphonya. Anthu pasikelo ankati Fainess ndi wamwayi, ndipo iye ankavomera.

Koma dengu silimvera ndalama ya pafoni. Msana wa Fainess unayamba kukana. Tiyi nthawi ya mvula sadikira munthu. Ukangomusiya sabata ndi theka, masamba amakhwima, kalaliki wa pasikelo n'kukubwezera dengu lonse. Fainess anayesa aganyu, koma aganyu amatchola ngati akukolola udzu wa mbuzi, kuthyola ndi mitengo yomwe. Mizere ya kumtunda inakula kupitirira m'chiuno, ina mpaka kuchita maluwa, chinthu chamanyazi kwa mlimi wa tiyi. Pamenepo n'kuti Daisy ali ndi ana aakazi atatu, ndipo kamunda ka mayi ake Teleza sikankakwanira. Ku Thyolo malo kulibe. Ukatuluka pakhomo, kumanja esiteti, kumanzere esiteti, ndipo mizere yobiriwira imene imafika mpaka kuphiri ija si ya munthu wa m'mudzi.

A Elson anabwera tsiku lina m'mawa, osakhala pansi.

"Mlongo, anthu ayamba kulankhula. Munda wa mbumba ukusanduka nkhalango, ana a mbumba yomweyo alibe potchola. Ngati pali mwana wamkazi wa mbali yako woti adzakhale pano, tiuze, tidikira. Ngati palibe, tiuzenso."

"Alipo. Adzukulu anga awiri."

"Akatengeni ndiwaone."

Fainess anakwera basi. Anaona yekha kutalika kwa njira ija, mapiri osatha, nkhalango ya mapaini, kuzizira kolowa m'mafupa, ndipo penapake mwala umene anauponya kutchire uja unamubwerera m'mutu. Kwa Gondwe anamulandira ngati mfumu. Anamuphera mbuzi, anamufunditsa bulangete latsopano, aliyense akumutcha amama. Lusungu, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, kanali ndi mphumi ya Anganga Ester yeniyeni. Kanagwada n'kupereka moni m'Chitumbuka, ndipo Fainess atakafunsa m'chinenero cha kwawo ngati kamadziwa tiyi, kanathamanga kukatenga kapu.

Tsiku lachitatu anapempha kuonana ndi bambo ake a Caleb, mkulu wa imvi amene anali mphunzitsi kale.

"Ndabwera kudzapempha wamkuluyu," anatero Fainess atagwada. "Akakulire kwathu. Sukulu iliko. Kuli munda wake wa tiyi, wa agogo a agogo ake. Ukapanda mwini ulandidwa."

Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, osamudula.

"Amama, dzukani, khalani pampando. Ndamva chisoni chanu. Patchuthi atha kubwera kudzakuonani, ndipo thiransipoti ndilipira ndine. Koma kukakhala, ayi. Ameneyu ndi Gondwe. Malo ake ali pano, manda a makolo ake ali pano. Thenga wathu sananene?"

"Ananena."

"Ndipo munalandira?"

"Tinalandira."

"Ndiye ndingawauze chiyani abale anga?"

Fainess anamupeza Victoria kuseri kwa nyumba akuyanika mayunifolomu a ana.

"Iwe sungawalankhule? Ndiwe mayi wake."

Victoria anafinya kadiresi, madzi akutsikira m'zigongono.

"Amayi, kuno sizili choncho. Ndinazidziwa ndisanalowemo, ndipo akundisunga bwino, mwaona nokha." Anayanika kadiresi kaja pachingwe. "Komanso ngakhale akanalola. Inu munanditumiza kuno kuti ndisadzasenze dengu. Lero ndimutume Lusungu akalisenze?"

"Sindikuti asenze. Ndikuti akhale pamalo pake."

"Pamalo pake ndi pano, amayi. Paja munati ndikhale konkuno, basi ndi yodula. Ndinakhala."

Sananene mwaukali. Ananena akulira, ndipo zimenezo ndiye zinapweteka koposa. Fainess anabwerera ndi thumba la mpunga, nyemba, nsalu ziwiri ndi chithunzi cha adzukulu.

Nthawi yodulira tiyi itakwana, chiperoni chili ngati utsi, a Elson anaitana mbumba yonse kumunda. Anganga Ester anabwera atagwirizira ndodo, n'kukhala pamwala m'mphepete. A Elson sanatalikitse.

"Munda sutsata satifiketi, sutsata foni. Umatsata mwana wamkazi amene akugona pamudzi. Kuyambira pa mpeyala uwo kukafika kumtunda, a Benard adulire, Daisy azitchola. Mizere inayi ya pafupi ndi nyumbayi ndi ya mlongo wanga, ya sopo, mpaka tsiku lake. Pali wotsutsa?"

Crispin anatsegula pakamwa, jekete lija lili pathupi. A Elson anamuyang'ana kamodzi kokha.

"Alamu, ng'ombe zanu munadya kale. Izi ndi za eni mudzi."

Crispin anatseka pakamwa.

Benard ananola chikwanje chake chokhota n'kuyamba kudulira tsiku lomwelo. Teleza sananene kanthu kokumbutsa za pasikelo zija. Anangobwera madzulo ndi mbale ya kalongonda n'kuika pakhonde la mkulu wake, pansi pa malata aja.

Fainess anakhala pafupi ndi mayi ake, akudikira mawu amene mudzi wonse unkadziwa kuti abwera. Anganga anali kuyang'ana kumtunda, kumene nthambi za tiyi zinali mbwee pansi.

"Nenani, amayi. Nenani kuti munanena."

"Ndinanena zambiri," anatero Anganga. "Za bulugama, za damu, za kabaza. Bulugama sanagwere munthu. Ndikanasunga pakamwa panga n'kudzanena chimodzi chokhachi, mwina ukanamva." Anakoka nsalu yawo kufunda mapewa. "Lowa uvale juzi. Chiperonichi chikupatsa chifuwa."

Mvula itabwera, tiyi wodulira uja anaphuka mwamphamvu, wanthete, wowala ngati wapakidwa mafuta. Fainess anadzuka m'mawa wina msana utapepukako, anamanga dengu, n'kulowa m'mizere yake inayi. Manja amene atchola zaka zambiri sadziwa malire. Masamba awiri ndi nsonga, masamba awiri ndi nsonga, maganizo ali kutali kupitirira Mzuzu, mpaka anadutsa mpeyala uja osadziwa.

"Anganga!"

Anatembenuka. Kanali kamwana ka Daisy, kachisamba, kausinkhu wa Lusungu, kali ndi kadengu kake kakang'ono kumsana. Dzina lake kanali Ester.

"Anganga, amayi akuti mbali ino musamatchole. Ndi yathu."

Fainess anayang'ana masamba amene anali m'manja mwake. Anawerama, msana ukulira, n'kuwaika m'kadengu ka mwanayo.

"Wachita bwino kundiuza. Taona, usamathyole ndi tsinde lomwe. Awiri ndi nsonga, basi."

Kenako anatembenuka n'kutsika pang'onopang'ono kubwerera kumizere yake inayi. Foni inalira m'thumba la diresi, kudziwitsa kuti ndalama ya mwezi uno yalowa. Sanaitulutse.